Carolina Anacheka Membrana ndi Sowo

Ine sindidziwa kunyengerera munthu. Inu ofuna kulimbikitsidwa, lekani kaye kudandaula, mumve za Carolina wa ku Ulongwe.

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, anachoka atasenza chipaipi choyera, chachitali ngati munsi. A Sozinho, patrau wake, eni loja yogulitsa madzi osefa m'magarafau, mabotolo akuluakulu aja, anachita kumuponyera chipaipicho pabwalo.

"Mwandiphera makina, make Tiago. Tengani maliro anuwo muzipita."

Mwamuna analibe, sukulu analekeza kalasi yachitatu. Chotsala chinali kubwerera ku Kalomwe kukasenza matumba a mbatatesi, Tiago wake n'kukamwanso madzi a m'dambo amene anatsala pang'ono kumupha ndi kolera.

Chikhalirecho ntchito ankaigwira ndi mtima wonse. Nthawi ya kolera ija, kuchipatala anamuphunzitsa kuthira kuloro m'madzi akumwa. Ndani kuno sanaphunzire zimenezo? Ndiye m'mawa uliwonse ankathira m'thanki yodyetsa makina, mosaumira, osauza munthu. Madzi atayamba kutuluka mothamanga, iye ankanyadira. Mpaka kachipangizo koyezera mchere kanaonetsa kuti madzi otuluka n'chimodzimodzi ndi olowa.

Wina akanalira mpaka maso kutupa. Carolina chinkamuswa mutu n'china: m'chipaipimu muli chiyani choti n'kufa?

Anabwereka sowo, n'kuchicheka. Anapezamo timapepala topyapyala tokulungidwa ngati mphasa, pakati pake pali kaukonde. Anayang'ana padzuwa, bowo osaliona. Anathirapo madzi, madzi n'kungokhala pamwamba. Nanga m'makinamo ankadutsira pati?

Atamva kuti a Patrisio, amisiri a ku Tete, akubweretsa chipaipi chatsopano, anakawadikira potsikira chapa, minibasi ya kuno, ali ndi chidebe cha mbatatesi.

"A mestre, izi n'za ku Domwe, sindigulitsa. Ndisinthanitsa ndi mayankho."

"Mayi, a Sozinho akundidikira."

"Sathawa, loja ndi yawo. Ichi n'chiyani?" Anawatambasulira kapepala kaja.

A Patrisio anaseka. "Mwaichita opaleshoni membrana! Chabwino. Mukathira mchere pa kabichi wodula, amatani?"

"Amatuluka madzi. Funso limenelo?"

"Madzi amalondola mchere, ndicho chibadwa chake. Makinawa amatembenuza zimenezo. Bomba, pampu ija, imakankha madzi mwamphamvu kuti athawe mchere, adutse pakhungu ili. Popanda bomba sadutsa. Timipata take n'tating'ono moti mchere ndi tizilombo zimatsala, n'kutuluka pa paipi yachiwiri ija."

"Madzi otaya aja?"

"Omwewo. Khungu lomweli limasandutsa madzi amchere a m'nyanja kukhala akumwa. Limasefanso madzi a makina a odwala impso."

Anatambasula dzanja kuti atenge chidebe. Carolina anachiponda ndi phazi.

"Imeneyo ndi theka chabe. Chimaipha n'chiyani?"

"Kawirikawiri matope. Imatsekeka, madzi n'kumangodontha."

"Yanga inkathamanga."

A Patrisio analeka kuseka. "Munathira kuloro?"

Carolina anavomera ndi mutu.

"Kuloro ndi wabwino mu ndowa ya kunyumba, musaleke. Koma membrana amaidya ngati njenjete pansalu. Mipata ikakula, chilichonse chimadutsa. Madzi a kuloro ayambe adutsa pa sefa ya makala."

Mtima unamuwawa, inde. Mankhwala amene anapulumutsa mwana wake ndi omwe anamuchotsetsa ntchito. Koma nthawi yomweyo anakumbukira thanki ija. Inali yodzaza, ndipo womaliza kuthiramo anali iye.

"Tiyeni. Mbatatesi n'zanu, chidebe mundibwezera."

A Sozinho atamuona pakhomo anakwinya nkhope. "Mwaiwala chiyani kuno?"

"Patrau, tayani madzi onse a m'thankiyo musanayatse. Muli kuloro. Ndinkathira ndine."

Akanatha kukhala chete, yatsopanoyo iyambe kudyeka iye kulibe, dzina lake liyere. Sanatero. A Patrisio anakwera pathanki, ananunkhiza, anagwedeza mutu movomereza.

"Ndiye mwabwera kudzadziulula nokha?" anatero a Sozinho. "Mukuganiza ndikulembaninso?"

"Lembani wina. Nayenso kwawo anaphunzira kuthira kuloro. Aphe yake, kenako aphunzire. Ine yanga ndapha kale, ndipo ndaiona m'mimba."

A Sozinho anayang'ana thanki, n'kuyang'ana chipaipi chatsopano chija.

"Mawa mulawirire."

"Sindinathe. Madzi otaya aja ndi anga, ndizitsukira mbatatesi za ogulitsa pamsika. Ndi garafau ya Tiago."

"Amayi inu, munachotsedwa ntchito ndinu kapena ine?"

A Sozinho anavomera. Akanatani?

Lero Carolina ndiye amasintha masefa pa lojayo, ndipo ya makala anaiikitsa ndi iye. Akamva bomba ikulira mwachilendo amasiya nkhani pakati. Kapepala kaja anakakhomera pakhoma. Ukamufunsa kuti n'chiyani, wachedwa kumunda, chifukwa ayambira pa kabichi. Tiago akupita kusukulu, m'mimba muli zii.

Tsono iwe amene wakhala pakhonde ukuti zinthu zakufera m'manja, wazitsegula kale kuona chazipha? Dzuka, kabwereke sowo. Mtima usautaye, ukadali ndi ntchito.