Mwana wanga amamvetsera madzi

"Ukuti umamvetsera madzi?" ndinamufunsa Esinati, mwana wanga, tili pa mpopi wa ku komboni Lachiwiri lapitali.

"Eya, ababa. Koma osati ndi makutu."

Wabwera kutchuthi kuchokera kunja komwe akuphunzira. Akuti amatenga timadzi tochepetsetsa, toti diso silingaone, n'kutiwomba ndi kuwala kwa makina. Timadzito timanjenjemera. Kanjenjemeredweko ndi kamene kamamuuza pomwe pali kanthu kena kotchedwa pulotoni, ndi momwe kakuyendera m'madzimo.

"Kamayenda bwanji?"

"Ngati pa benchi yodzaza. Wina akadzipanikiza kuno, onse amasuntha, wakumapeto n'kugwa. Wolowa ndi wina, wotuluka ndi wina."

Apo ndinamva. Benchi ndimaidziwa.

Inu a pa esiteti, mukuikumbukira ija ya pa shedi ya sikelo? Mvula ikagwa tinkathinana pamenepo, madengu a tiyi ali kumapazi, chifunga chitatseka minda yonse. Kapitawo akafuna pokhala, tonse n'kusuntha. Malemu a Namaona, mnzathu wowonda uja, ndiwo ankagwa nthawi zonse, n'kutitukwana m'Chilomwe. Tinkaseka mpaka misozi. Wogwa ankangosasa fumbi n'kudzipanikizanso. Panalibe wopita kutali.

Masiku amenewo mwana wa wotchola tiyi ankatcholanso tiyi. Zinkatiwawa. Tinalumbira kuti athu aphunzire. Aphunziradi. Nanga tinkati akaphunzira adzakhala pati? Pano komboni yadzaza nkhope zachilendo, athu ali ku Blantyre, ku Joni, ena kutsidya kwa nyanja. Walira mvula walira matope.

Ine ndinali nditagwada kale kwa akuluakulu a ku fakitale, kumupemphera Esinati ntchito. Akufuna munthu woyeza madzi ndi tiyi. Nyumba ya malata, kwawo kuli pafupi, Sabata tikupemphera limodzi. Ndinamuuza zimenezi pa mpopi pompo.

Anatseka mpopi.

"Ababa, makina a ntchito yanga kuno kulibe. Andipempha kuti ndikamaliza ndikhale komweko. Ndavomera."

"Mayi ako akudziwa?"

"Ndimafuna muyambe kumva ndinu." Anandiyang'ana. "Nenani kanthu, ababa. Ngakhale kundikalipira."

Ndowa inali itasefukira. Ndinainyamula, n'kulowera kanjira ka m'tiyi, osacheuka.