Malegeni a Bambo Anga

Bambo anga anagwira ntchito ya ukalaliki zaka makumi atatu, pa desiki ya pakona, kudinda mapepala olemba anthu ena. Kuntchitoko palibe ankawawerengera. Bwana aliyense watsopano ankabwera wamng'ono kuposa amene wachoka, ndipo onse ankawatuma ngati mwana. Koma likakwana Loweruka, bambo ankavala ovolosi yawo yabuluu, kukoka bokosi la zida pansi pa bedi, n'kusanduka munthu wina. Anthu a mumsewu mwathu anawapatsa dzina loti a Injiniya. Ena ankalitchula moseka, koma eni ake analilandira ndi manja awiri.

M'bokosimo munali hamala, sipanala imodzi yomwe ankaikakamiza kukwana paliponse, misomali yochita kuwongola, ndi mtolo wa malegeni odula ku machubu akale a njinga. Malegeniwo ndiwo anali mankhwala a matenda onse. Paipi ikadontha, malegeni. Mpopi ukakana kutseka, malegeni. Ankakulunga mokoka, lilime lili panja, kenako n'kumanga mfundo yawoyawo ya timichira tiwiri toloza kumwamba. Akatha ankaitana nyumba yonse kudzaona.

"Amayi a ana, taonani. Anthu amavutika kusakasaka amisiri, ife mmisiri tili naye m'nyumba."

Amayi ankayamikira, ife ana n'kumaomba m'manja. Chomwe bambo sankadziwa n'chakuti Lolemba lotsatira, iwo akangokhota pakona kupita kuntchito, kunyumba kunkafika apulambala a kuseri kwa msika, munthu wosayankhulayankhula. Ankamasula malegeni aja mosamala, kukonza paipi mwaukadaulo, kenako n'kubwezera malegeni pamwamba pake, mfundo yomweyo, timichira tomweto. Madzulo bambo ankagwira paipi ija, n'kupeza pali gwa, pouma. Tsiku limenelo ankadya mokoma.

Ana anayi tonse tinakula tikudziwa, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Amayi ankati munthu wonyozeka sabata yonse asamanyozekenso pakhomo pake. Bambo atapuma pantchito, amayi anangowonjezera nzeru: tsiku lobwera apulambala ankawatuma bambo kutali, kukazonda achemwali awo kapena kukafunafuna chinthu chomwe sichipezeka pafupi. Ine zonsezi ndinkaziona ngati chikondi.

Zinaululikira kunyumba kwanga. Nditakwatiwa, paipi ya kudenga yopita ku bafa inayamba kudontha, siling'i ya kuchipinda n'kuchita banga. Ndinalakwitsa kudandaulira amayi bambo akumva. M'mawa mwake, tisananyamuke kupita kuntchito, anali atafika kale pakhomo, ovolosi ili m'thupi, bokosi lili m'manja. Amuna anga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Mkamwini angawakanize bwanji apongozi ake makwerero? Ndinadzitonthoza kuti mawa ndichita monga amachitira amayi.

Koma madzi a kudenga sadikira mawa. Bambo anayamba apotokola polumikizira ndi sipanala yawo ija, akuti kuti paipi ikhale bwino, kenako anakulunga malegeni, kutsika, n'kukhala pabalaza kumvera wailesi. Isanakwane nthawi ya nkhomaliro, a neba anandiimbira foni kuti madzi akutulukira pansi pa chitseko. Ndinapeza siling'i itagwera pabedi, matiresi atamwa madzi, makope a ana a sukulu amene amuna anga amaphunzitsa atasanduka phala. Bambo anali chiimire m'madzi ofika m'mapazi, akufinya bulangete.

"Mapaipi a masiku ano ndi achinyengo," anatero. "Zaka makumi atatu, mwanawe, palibe paipi inandichitapo chipongwe chotere. Ukawafunse amako."

Pulambala amene ndinkamudziwa anali mmodzi yekha, ndiye ndinaitana yemweyo. Anafika atakalamba, imvi zili mbuu, n'kupereka moni kwa bambo ngati munthu amene amangomuona pamsewu. Anatseka madzi panja, anakwera kudenga, anadula pomwe panaphwanyika n'kuikapo cholumikizira chatsopano. Bambo anakwera makwerero mpaka mutu kutulukira pabowo, akuti aone pomwe paipi yawanamiza. Ine ndinali pansi, nditagwira makwerero.

Ntchito itatha, manja a apulambala anachita zimene anazolowera. Anatola malegeni a bambo, anakulunga pamwamba pa cholumikizira chija, n'kumanga mfundo. 

"Akulu," anatero bambo, "paipi mwakonza kale. Malegeniwo ndi a chiyani?"

Apulambala anayamba kulongedza zida zawo.

"Nanga mfundo imeneyo anakuphunzitsani ndani?"

"Pepani bambo," anatero apulambala motsitsa mawu. "Ndi kuzolowera."

"Kuzolowera kuti?"

Bambo anatsika pang'onopang'ono. Atafika pansi anandiyang'ana m'maso, ndipo ine ndinalephera kunama.

"Iwenso unkadziwa?"

"Eya, bambo."

"Pamene munkaomba m'manja paja?"

Ndinavomera ndi mutu. Sanakalipe, ndipo bwenzi zitandipepukira akanakalipa. Anapepesa kwa amuna anga, mutu uli pansi, ananyamula bokosi lawo n'kutuluka. Ndinawatsatira chifukwa ndinkaopa.

Atafika kwathu sanakhale pansi. Anatenga mpeni wa kukhitchini n'kuyamba ndi paipi ya pansi pa sinki. Anadula malegeni, pansi pake n'kupeza cholumikizira chosalala chomwe sanaikepo iwo. Anapita ku bafa, chimodzimodzi. Mpopi wa panja, chimodzimodzi. Anazungulira nyumba yonse, amayi akuwatsata pambuyo manja ali kumutu, malegeni akugwa paliponse. Ankafuna apeze malo amodzi okha amene ntchito inali yawo. Sanawapeze.

"Bambo a ana, ndinkakutetezani," anatero amayi akulira.

"Kuntchito ankandiseka ndikuona," anayankha bambo. "Ndinkapirira chifukwa ndinkati kwathu kuli anthu ondidziwa. Chonsecho mumsewu monse ankadziwa kuti pakhomo pano pamabwera munthu ine ndikachoka. Mukanangondiuza chaka choyamba, bwenzi nditapita kwa mkuluyu kukaphunzira. Mphamvu ndinali nazo, maso ndinali nawo. Panopa ndiphunzirenji?"

Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, chifukwa ndi oona. Sitinawapatse mpata wolephera, ndiye sitinawapatsenso mpata wodziwa.

Papita chaka tsopano. Bambo amadzuka, kusamba, kukhala pakhonde. Munthu akawaitana a Injiniya sacheuka. Amayi akawayankhula, bambo amawayankha mwaulemu ngati alendo, ife ana amatifunsa za ntchito ndi za adzukulu, basi. Nyumba imene Loweruka inkasokosa ndi hamala ili zii, ndipo amayi, amene kale ankadandaula za phokosolo, akuonda nazo.

Mwezi watha ndinawapeza amayi akumasula tizitsulo ta chogwirira cha chitseko cha kukhitchini ndi nsonga ya mpeni. Ndinawaletsa, koma sanandimvere. Atamaliza anapita pakhonde.

"Bambo a ana, chitseko chija chayamba kugwedera. Simungachione?"

Bambo anadzuka, anapita, anagwira chogwiriracho n'kuchigwedeza. Anawerama, kuyang'anitsitsa mikwingwirima yatsopano imene mpeni unasiya pa utoto. Ndinaona chala chawo chikusisita pamenepo, ndipo mtima wanga unati mwina. Kenako anaweramuka.

"Mwamasula ndinu, amayi a ana," anatero mofatsa. "Kachiwiri ayi."