Ufumu wa Malume Unawoloka Ruo

Mwana wanga Fanuel amaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ya pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Tsiku lina anandionetsa pafoni matchalitchi ogumuka a ku Armenia, dziko limene ndinali ndisanalimvepo. Anati kalekale pamenepo panali mzinda wa mafumu. Mfumu yomaliza inaitanidwa ndi mfumu ina yamphamvu kuti akakambirane, ndipo sinabwererenso pampando wake.

"Kumeneko ufumu ankalowa ndani, mwana wa mfumu kapena mwana wa mlongo wake?" ndinamufunsa.

"Kawirikawiri mwana wake, amayi."

"Ndiye adani sankavutika kumupeza."

Iye anaseka, ine ayi.

Tsiku limene nkhondo inafika kwathu ku Mozambique, kuseri kwa Milanje, ndinali nditangotha msinkhu. Tsikulo amayi anatereka kalongonda. Nyemba zimenezi zimafuna tsiku lonse pamoto, ukazifulumirira zimazunguza mutu. Ntchito yanga inali yosonkhezera nkhuni.

Malume anali mwene, ndiye kuti mfumu ya dera lathu. Anali munthu wanthabwala, wokonda nkhunda zawo kuposa kuweruza milandu. Nkhundazo ndi zimene zinayamba kudziwa. Zinauluka zonse pamodzi, kenako mfuti inalira cha kudambo.

Asilikali anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wawo anali wochokera kutali kummwera, Chilomwe sankachimva. Anati mwene akufunika kumsasa wawo kuti akakambirane. Malume anavala jekete. Nsapato anapeza imodzi yokha, ndiye anapita chosavala.

Kenako mkuluyo anafunsa kudzera mwa womasulira kuti ana aamuna a mwene ali kuti. Ankafuna pasatsale wolowa ufumu. Anawatulutsa asuweni anga, Alberto ndi Joaquim.

Kwathu mwana wa mfumu salowa ufumu. Umadzera kwa mlongo wake wa mfumuyo. Mlongo wa malume anali amayi, ndipo mwana wawo wamoyo ndinali ine ndekha. Mfumu yotsatira inayenera kubadwa mwa ine. Mudzi wonse unkadziwa zimenezi. Womasulira uja, Mlomwe mnzathu, ankadziwanso. Anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana pansi.

Alberto ankadziwanso. Pamene ankamumanga manja, anandipenya osatsegula pakamwa.

Ife akazi, asilikaliwo anatiuza kuti tichoke. Tinadutsa pafupi ndi mphika uja ukuwirabe. Ndinafuna kuuphula, amayi anandikoka.

Tinayenda m'tchire, kupewa misewu. Tinkazula chinangwa m'minda yosiyidwa n'kumadya chosaphika. Amayi anandiletsa kutchula dzina la malume, ngakhale popemphera. Wina akafunsa, tinali anthu wamba ochokera kumunda.

Pa mtsinje wa Ruo madzi anandifika m'chifuwa. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu moti zikhadabo zawo zinandiboola khungu.

Tsidya lino ndinaona mapiri obiriwira, osalala ngati mutu wometedwa kumene. Ndinafunsa kuti ndani amameta tchire lonseli. Mayi wina wobereka dengu kumsana anaseka n'kunena kuti ameneyo ndi tiyi. Wachibale wathu wa ku Chimaliro anatilandira, anatipatsa mphasa ndi madzi osamba. Tiyi ameneyo ndinadzamuthyola mpaka msana unakana.

Nkhondo itatha, ena anapita kukaona kumudzi. Anapeza mitengo itamera m'nyumba ya malume. Anthu anali atabalalika, panalibenso woti n'kumulamulira.

Ndimafunabe kudziwa ngati ku Armenia kunalinso mtsikana amene anatuluka pachipata ndi mtolo pamutu, alonda osamuyang'ana n'komwe. Fanuel akuti mabuku ake sanena.

Nditamufotokozera zonsezi, anandifunsa:

"Ndiye mwene ndikanakhala ine?"

"Ndiwe amene."

Ufumu wa malume lero umapalasa njinga kupita kusukulu, choko chili m'thumba. Ndikamuona ndimasangalala, komanso zimandiwawa. Malume sanabwerere. Alberto ndi Joaquim, amene ufumuwo sukanawagwera n'komwe, sanawoloke Ruo.