Manja a Manase Kuseri kwa Nsalu

Manase Taufa ali ndi manja oti mwana akawaona amabisala kumbuyo kwa mayi wake. Watha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akudula nyama kophera ng'ombe kufupi ndi tauni ya Logan, ku Australia, ndipo palibe chala chimene mpeni unachisiya chopanda chipsera. Koma manja omwewo ndiwo makutu ndi pakamwa pa mlongo wake Kalolaine, amene sanamvepo liwu la munthu chibadwire.

Awiriwa anakulira pa kachilumba ka ku Ha'apai, m'dziko la zilumba la Tonga, kopanda sukulu ya ana osamva, choncho anadzipangira okha chilankhulo cha manja. Nkhonya inali mwala. Zala ziwiri pamkono zinali Amayi, chifukwa cha chibangili chawo. Kachala kopinda kanali Kalolaine mwiniwake, poti anathyoka kachalako ali ndi zaka zinayi. Anthu atatu okha padziko lonse ndiwo ankachidziwa chilankhulochi, ndipo wachitatuyo, mayi awo, ali m'manda.

Manase atakwana zaka khumi anamusamutsira m'kanyumba ka anyamata, ngati mwana aliyense wa Chitonga amene ali ndi mlongo. Kuyambira pamenepo salowa m'chipinda cha Kalolaine. Pa TV pakabwera zopsopsonana, amadzuka n'kutuluka. Za thupi satchula mlongo wake ali pomwepo, kaya pakamwa kaya ndi manja. Mpaka lero amagona m'galaja kuseri, Kalolaine ali m'nyumba ndi azakhali awo, a Fane. Azakhaliwo akhala naye zaka zisanu ndi ziwiri, koma chimene anaphunzira n'kuloza mbale ndi tsache basi.

Ulemu umenewu ndi wabwino, ine sindikutsutsa. Koma mayi awo anabisa chotupa cha m'bere zaka ziwiri. Kalolaine ankadziwa, chifukwa ndiye ankawasambitsa. Akanauza ndani? Munthu yekhayo womva manja ake anali mlongo wake, amene nkhani yotere sangauzidwe. Manase anamva kwa dokotala madzi atafika kale m'khosi, ndipo chimenechi chimamudya mumtima mpaka pano.

Chaka chino kuholo ya m'dera kunayamba maphunziro a zaumoyo, Loweruka lililonse m'mawa. Wophunzitsa anali Mayi Glenys Harwood, namwino wopuma pantchito, munthu woyesetsa kwabasi. Anaikitsa pokwerera njinga za olumala, analembetsa mapepala m'zilankhulo zisanu, nyama ya nkhumba anaichotsa patebulo. Atamva kuti kukubwera mayi wosamva, anaitanitsa womasulira wa chinenero cha manja cha ku Australia. Kalolaine anamuyang'ana maola awiri, akumwetulira mwaulemu. Atafika kunyumba anauza Manase kuti mtsikanayo ali ndi manja okongola, koma kaya amati chiyani.

Ndiye Manase anayamba kupita nawo. Anamasulira za shuga, za mchere, za kuthamanga kwa magazi. Amayi a ku Samoa ankamuseka akamafufumitsa masaya posonyeza kunenepa.

"Iwe Manase, ukutinena ife kapena ukudzinena wekha?"

"Ine n'kungomasulira, amayi. Amene zamukhudza adziwa yekha."

Sabata yachinayi itatha, Mayi Glenys anamuitanira pambali.

"Loweruka likubwerali ndi la amayi okha, tikamba za khansa ya m'mawere. Amuna onse ndawauza asabwere, kupatula inu. Amayi onsewo avomera."

"Sindingathe, mayi."

"Musachite manyazi, bambo Taufa. Inu mumadula nyama tsiku ndi tsiku."

"Ng'ombe si mlongo wanga."

Miyambo ya anthu onse Mayi Glenys anaiganizira, koma uwu wokha sunali m'mapepala ake. Anafunsa ngati pali mkazi wina womva manja a Kalolaine. Manase anapukusa mutu n'kumapita.

Akanaisiya pomwepo nkhaniyo. Koma Lachitatu madzulo, akuchokera kuntchito, anaona Kalolaine akuyanika zovala. Ankaponya nsalu pachingwe ndi dzanja lamanzere lokha, lamanja atalipanikiza m'nthiti. Manase anaima pageti, chikwama chili m'manja. Mayi awo ankayanika chimodzimodzi chaka chawo chomaliza. Anachita mantha, mantha enieni, ndipo sakanatha kumufunsa.

Anapita kwa azakhali ake. Anakhala pansi pakhomo, poti mlongo wa bambo ako sulankhula naye uli chiimire.

"Azakhali, mkono wa Kalolaine mwauona?"

"Waugonera. Ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna kukamasulira Loweruka."

A Fane anasiya chilazi chimene ankasenda.

"Wapenga? Mwana wa mchimwene wanga akaime pamaso pa mlongo wake, akudzigwira pachifuwa, mpingo wonse ukuona? Bambo ako anakulera chotero? Ndipita naye ine, aona zithunzi."

"Amayi anaonanso zithunzi kuchipatala."

"Usandiyankhe, iwe."

Manase anabwerera kugalaja kwake. Koma Loweruka analawira kuholo anthu asanafike, atanyamula chingwe ndi nsalu yaikulu ya pabedi. Anamanga chingwe pakona, n'kupachika nsalu kuti ilendewere mpaka pamwamba pa tebulo, kungotsala kampata kolowa manja. Mpando umodzi uku, wina uko. Mayi Glenys anayang'ana, n'kupita kukatenga mapini.

Amayi atalowa, phokoso linazima. A Fane anafika ndi Kalolaine, naona mapazi a Manase pansi pa tebulo.

"Nsalu ndiye yasintha chiyani? Si mlongo wako uyu?"

"Nkhope yake sindiiona, azakhali, yanga saiona. Pachifuwa sindidzigwira. Ndi manja okha."

"Ndidzakuonera kunyumba."

Kalolaine anakhala pampando wake. Mayi Glenys anayamba, ndipo anaika m'manja mwa Manase bere la labala lophunzitsira, lokhala ndi timibulu tolimba m'kati. Manase analilandira ngati akulandira khala la moto. Chilankhulo chawo anachipanga ali ana, chinalibe mawu a zinthu zimenezi, komanso popanda nkhope theka la mawu linasowa. Anangoyesa. Analoza labala, anazunguliza zala zitatu pang'onopang'ono monga Mayi Glenys ankanenera, kenako anapanga nkhonya. Mwala. Ukapeza mwala, thamanga kwa dokotala. Anabwereza katatu, osadziwa ngati kuseriko akumva kapena akungomwetulira mwaulemu.

Panapita nthawi. Kenako manja a Kalolaine anatulukira pansi pa nsalu. Anatenga labala lija, anafufuza ndi chala mpaka anapeza kambulu ka m'mbali, chakukhwapa. Anadinikiza pamenepo. Anapanga nkhonya. Anapinda kachala. Kenako anaika zala ziwiri pamkono.

Mwala. Ine. Ngati Amayi.

Manase anafunsa kuti kuyambira liti. Manja aja anasenda mango osaoneka, n'kuimika zala ziwiri. Mango apsa kawiri chiyambire. Zaka ziwiri zimenezo Manase ankadya naye chilazi pabwalo limodzi, ankamuperekeza kutchalitchi, ankamumasulira nyimbo ndi maulaliki, mlongo wake atanyamula chinthucho yekhayekha.

"Akuti chiyani, bambo Taufa?" anafunsa Mayi Glenys.

Panali amayi makumi awiri, theka a mpingo wake, ndi azakhali ake pamzere woyamba. Manase anayankha onsewo akumva.

"Akuti ali ndi chotupa m'bere lakumanja. Chatha zaka ziwiri."

Anali asanatchulepo mawu amenewo mlongo wake ali m'chipinda chimodzi, ndipo mwiniwake sanawamve n'komwe. Mayi Glenys anatenga foni n'kutuluka panja kukaimbira kuchipatala. Mpando unamveka ukusuntha, ndipo Manase anadziwa kuti azakhali ake akutuluka, kuti mawa kutchalitchi dzina lake likhala pakamwa pa aliyense. Sanasamalenso. Mtima wake unali pa zaka ziwiri zija, ngati dokotala adzanenanso zimene ananena za mayi awo.

Koma mapazi a azakhaliwo sanalowere kukhomo. Anaima mbali ya Kalolaine, ndipo pansi pa nsalu panatulukira dzanja lachitatu, lamakwinya, lonunkhira mafuta a kokonati.

"Manase," anatero a Fane, mawu ali pansi. "Kuchipatala akamuvula, iwe sungalowe. Ndilowa ine. Ndionetse, ‘usaope’ mumati bwanji?"

Manase anakweza manja kuti awaonetse. Manja amene sanagwetsepo mpeni zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankanjenjemera moti mawuwo sanatuluke. Kalolaine anazindikira chimene manjawo ankafuna kunena, anawagwira, anawagoneka patebulo, n'kuwaonetsa yekha azakhali ake.