Abusa Amene Sankakana Maliro

Amuna anga anali abusa, ine n'kukhala mayi busa, udindo umene palibe anandifunsa ngati ndikuufuna. Pondifunsira anali kalaliki wamba pafakitale ina ku Makata. Maitanidwe anawapeza tili kale ndi ana awiri. Anapita kusukulu ya ubusa, ine n'kutsala ndikugulitsa mandasi pageti la fakitale yomweyo, ndipo atabwerako mpingo unatitumiza ku Ndirande.

Tinafikako nthawi yoipa. Zinali zaka zija matenda anavuta, mankhwala otalikitsa moyo asanabwere, pamene anthu ankangonena kuti uje wadwala nthawi yaitali. Abusa ankati akachoka kumanda, ankapeza wina atakhala pakhonde, chipewa chili m'manja, akudikira kunena maliro ena. Jekete lawo lakuda linali limodzi lokha. Ndinkalichapa madzulo n'kulisita likadali lachinyezi.

"Abambo, mpingo uli ndi akuluampingo," ndinkawadandaulira. "Tumaniko ena."

"Apita ndithu, amayi," ankayankha akumanga zingwe za nsapato. "Koma wofedwa akadzutsa mutu amafuna aone m'busa wake."

Sankadziwa kukana. Nyumba ya mpingo imene tinkakhalamo inali ngati depoti ya basi. Wothamangitsidwa ndi mwamuna wake ankagona kwathu, wochokera kumudzi kudzadikirira wodwala kuchipatala ankagonanso kwathu, ana athu n'kumasamukira pabalaza. Ndinkawakonda amuna anga, koma masiku ena ndinkawayang'ana akudya mothamanga ataimirira, mtima n'kumandiwawa ngati ndili pamitala.

M'mawa wina kunabwera mayi wachikulire wogulitsa makala pafupi ndi msika, wochokera ku Nsanje. Mwana wake wamkazi anali atamwalira. Mtsikanayo anakulira m'kwaya yathu, koma anadulidwa mumpingo atatenga mimba asanakwatiwe, kenako anayamba kugwira ntchito m'mabala. Lamulo linali lodziwika: wodulidwa saimbiridwa. Mayiyo ankalidziwa. Anagwada pakhomo, manja akuda bii ndi makala.

"Sindikupempha mwambo wonse, abusa. Wina angonenapo mawu basi. Mwana wanga asakwiriridwe ngati galu."

Akuluampingo anakumana kuseri kwa tchalitchi, ndipo anakana. Mmodzi anati tikalola, atsikana otsala m'kwaya aphunzirapo chiyani? Abusa sanakangane nawo. Anabwera kunyumba, anavula kolala n'kuiika patebulo, n'kuvala malaya wamba.

"Amayi, valani chitenje chilichonse, osati yunifolomu ya amayi. Tiyeni."

Ine n'kuti nditangobwera kumene kuchokera kusiwa ina, maso akulemera ngati ndathiramo mchenga. Ndinawauza kuti andisiye, ndikufuna kugona, komanso kuti nkhaniyi itibweretsera mavuto.

"Ibweretsa," anatero. "Koma ine kuimba sinditha, mukudziwa."

Ndinavala chitenjecho.

Kumanda kunali anthu ochepa: mayi uja, achimwene ake awiri, adzukulu okumba manda, ndi atsikana angapo a kubala amene anaima patali, atafunda zitenje zobwereka. Abusa anawerenga mawu, anapemphera mwachidule, kenako anandiyang'ana. Ndinayambitsa nyimbo ndi mawu osasa. Iwo anandilandira, akuphonya monga mwa nthawi zonse. Tinaimba awiriwiri ndime yoyamba yonse, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Pandime yachiwiri mtsikana mmodzi mwa aja a patali analowerera, kenako mnzake. Ankaidziwa nyimboyo bwinobwino. Mayi wamakala uja, amene chiyambire anali asanalire, anadzigwetsa pansi n'kuyamba kubuma.

Nkhani inafika kwa akuluakulu a mpingo. Palibe anawadzudzula poyera, koma chaka chisanathe tinauzidwa kuti tisamukire ku Bangwe, kukampingo kakang'ono ka kumtunda, tchalitchi chake chopanda mawindo. Abusa anangoti kumenekonso kuli anthu. Ine ndinalira pokweza katundu m'lole, osati chifukwa cha Ndirande ayi, koma poganiza zokayambiranso: kuphunzira mayina atsopano, khomo latsopano lodzaza ndi mavuto a eni ake.

Ku Bangwe tinakhalako mpaka tsitsi linachita mbuu. Mankhwala aja atabwera maliro anachepako, koma abusa sanapume. Ankakwera mitunda ija wapansi kukaona odwala, kukayanjanitsa mabanja, kukachonderera alandilodi kuti asatulutse amasiye. Atapuma pantchito tinasamukira ku Machinjiri, m'kanyumba kamene mwana wathu wamwamuna anatifolerera. Ndinati tsopano ndawapeza amuna anga. Tinalima kadimba ka mpiru kuseri. Tinkamwa tiyi titakhala pansi, iwo akundifunsa zinthu zimene akanandifunsa kalekale, monga ngati mandasi aja ankayenda malonda.

Sizinakhalitse. Tsiku lina akuthirira mpiru anagwa, keni ili m'manja. Mbali yakumanzere inafa, lilime n'kulemera. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni. Msana wanga unathera pamenepo. Anthu ankabwerabe kuti awapempherere, ndipo iwo ankawasanjika dzanja lamoyo lija, milomo ikugwedera, mawu osamveka. Ena ndinkawabweza pageti, kuwauza kuti abusa agona. Lole ya maliro ikamadutsa kumsewu anthu akuimba, ankatukula mutu.

"Ndani?"

"Si akwathu, abambo. Gonani."

Ankagona, koma maso ali kuwindo mpaka nyimbo itazilala.

Anamwalira m'nyengo yozizira, dzuwa litangotuluka, ndikuwapukuta kumaso. Maliro awo anali aakulu. Abusa anzawo anabwera ndi mikanjo, makwaya anachokera ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, ndipo zolankhula zinatalika mpaka dzuwa kupendeka. Ena mwa amene anawayamikira kwambiri anali omwe aja anakana maliro a mtsikana uja, atakalamba nawonso, akuyendera ndodo. Sindinawakwiyire. Ndinalibe mphamvu zake. Ndinakhala pamphasa pakati pa amayi, ndikungolakalaka wina atandilola kutsamira khoma.

Mwezi watha ndinapereka njinga ya olumala imene abusa ankayendera atadwala kwa bambo wina wa kumtunda kwathu amene anamudula mwendo chifukwa cha shuga. Mdzukulu wanga amene ndimakhala naye anali kusukulu, ndiye ndinaikankha ndekha, yopanda munthu, mateyala akugunda miyala. Akazi a bamboyo anandithokoza, anafuna kundiphikira tiyi, koma ndinakana. Pobwerera ndinakhala pakalavati m'mbali mwa msewu, miyendo ikuwawa, ndikuonerera maminibasi akudutsa, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati ndili bwino. Ndinamuuza kuti ndikungopuma.