Kawasha mu Sikuta ya Ababa

Ababa anagula sikuta, kanjinga kamoto, ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi. Ndi telala, amasoka masuti m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata. Makolo awo anachokera ku Mangochi, koma iwo anakulira mu Lusaka momwemuno ndipo njira zachidule amazidziwa zonse. Sikutayo ankaperekera zovala kwa makasitomala awo ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Koma ulendo womwe ankaukonda unali wa Lachisanu. Akatuluka mumzikiti ankalunjika ku Chelstone kwa mnzawo wa paubwana, kalipentala amene miyendo inali itamukana chifukwa cha matenda a shuga. Ankamwa tiyi n'kumatsutsana m'Chiyao mpaka dzuwa kupendeka.

Ine ndimakonza njinga zamoto pafupi ndi msika wa Kabwata, makamaka za anthu operekera zakudya m'maofesi. Tsiku lina masana ndinali m'minibasi pa msewu waukulu wopita ku Chelstone, ndipo ndinaona sikuta ikudutsa pakati pa ife ndi lole, mkanjo woyera ukupepeluka kumbuyo. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Ba mudala aba bafuna kufa!" Anthu anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa mkanjowo ndinauzindikira.

Ndinawaimbira achemwali anga aakulu, amene amakhala ku Woodlands, n'kuwafotokozera.

"Uwalande kiyi," anatero.

"Ndani angawalande kiyi ababa? Bwerani mudzayese inuyo."

"Makaniko ndiwe. Ona chochita."

Sipanathe sabata, ababa anabwera okha pamalo anga a ntchito. Anavula chisoti, kofia ili pamutu pomwepo, n'kunena kuti, "Njinga yangayi yayamba ulesi. Ukaipatsa moto imayamba yaganiza kaye. Ndamva kuti za anzakozi umazipatsa mphamvu. Ichite ya bambo ako."

Vuto lake silinali lovuta. Sefa ya mpweya inali itatsekeka ndi fumbi la mu Okutobala, pulagi itada, lamba atadyeka. Sikuta ilibe magiya osintha ndi phazi. Lamba amakwera yekha pakati pa mbale ziwiri zachitsulo, ndipo chimene chimakankha mbalezo ndi tizitsulo tobulungira timene timati marola. Ukaika marola opepukirapo, njinga imanyamuka msanga. Amenewo ndinali nawo m'bokosi, ndipo ndinawagwira ndithu m'manja.

Ndinasintha sefa, pulagi, lamba ndi oyilo. Kenako ndinabweza marola opepuka aja m'bokosi n'kuika olemera kuposa amene analimo. Pakati pa mbale ziwiri zija ndinalowetsapo kawasha, kamphete kachitsulo kakang'ono, koti lamba asamafike pamwamba. Chingwe chopatsira moto ndinachikhwefula pang'ono. Ndinadziuza kuti ndikupulumutsa moyo wa bambo anga, ndipo panthawiyo ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Atabwera kudzaitenga ndinailiza. Injini inalira mosalala kwambiri, poti mbali imeneyo ndinali nditaikonza ndi mtima wonse. Ababa anatchera khutu, n'kuitana munthu wogulitsa matayala pafupi nane.

"Tamverani, achimwene. Mwana wangayu manja ake ndi odala."

Mawa lake ananditumizira shati imene anasoka okha, ya kolala yolimba. Ndinaivala kuti aione.

Patapita masiku anabweranso. "Kulira ikulira bwino, koma sikuthamanga."

"Lamba ndi watsopano, ababa. Azolowere kaye."

Anabweranso kachiwiri. Apa ndinagwada, n'kumagogoda apa ndi apo ngati ndikufufuza, kenako ndinati, "Injini yatopa. Tinjinga iti sitikhalitsa."

Anagwedeza mutu. "Ndiye tafanana," anatero, n'kuvala chisoti.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti mu Lusaka njinga yochedwa kunyamuka ndi yoopsa kuposa yothamanga. Pa mphambano zozungulira zija munthu umaona mpata, n'kulowa nthawi yomweyo. Ababa ankayeza mpata ndi liwiro limene analizolowera, koma njinga inkanyamuka mochedwa, ndipo mpata unkatsekeka iwo ali pakati. Madalaivala ankawaimbira mahutala ndi kuwatukwana. Lachisanu lina, cha pokhotera ku Kaunda Square, minibasi inawapanikiza mpaka anagwera m'mbali mwa ngalande. Sanavulale kwambiri, anangosupuka bondo. Ndinamva kwa amayi, ndipo madzulo ndinapita kukawaona.

Ndinawapeza atakhala pakhonde, mwendo atausanjika pa mpando. Sanadandaule za njinga ayi.

"Maso ndi manja zasiya kumvana," anandiuza. "Ndimaona kuti ndidutsa, koma ndikalowa galimoto yafika kale. Kale sindinkalakwitsa chonchi."

Ntchito yochotsa kawasha kaja inali ya theka la ola. Masipanala anali m'chikwama changa, pambali pa mpando womwe ndinakhalapo. Koma kuchotsa kunafunika kufotokoza, ndipo kufotokoza kunali kuvomera kuti ndinawanamiza kawiri konse ndikuwayang'ana m'maso. Ndinangoti, "Pepani, ababa. Muzipuma." Sabata yotsatira anapita kukapimitsa maso kuchipatala. Adokotala atawauza kuti maso ali bwino, anabwerako ali chete kuposa mmene anapitira. Amayi anandinong'oneza kuti ababa akuopa kuti mwina ndi mutu.

Sikuta anaiimika kuseri n'kuifunditsa nsalu yakale. Achemwali anandiimbira mosangalala kuti nkhawa yatha. Zovala za makasitomala ndinayamba kuwaperekera ndine. Koma ku Chelstone kunalibe wowapitira. Kuchokera ku Kabwata pamafunika maminibasi awiri: kutsika m'tauni, kuyenda pansi pakati pa ogulitsa m'misewu, kenako kudikira ina idzaze. Kwa munthu wa bondo lopweteka, Lachisanu masana, unali ulendo wolemetsa. Poyamba ankapita sabata iliyonse, kenako ankadumphitsa. Mvula itayamba analeka. Ankayesa kuimbirana foni, koma onse awiri makutu anali atayamba kuvuta, ndiye ankangokuwirana moni n'kudula. Kangapo ndinalonjeza kuti ndiwaperekeza, koma Lachisanu ndi tsiku limene njinga zimachuluka kuntchito kwanga.

Mnzawoyo anamwalira m'mawa wina mu Febuluwale, ndipo monga mwa chipembedzo chathu tinamuika tsiku lomwelo. Titachoka kumanda tinapita kunyumba kukapepesa. Mkazi wa malemuyo anawagwira ababa dzanja nati, "Achimwene, Lachisanu lililonse ankandiuza kuti ndiike makapu awiri." Sananene mowadzudzula. Ababa anangoyang'ana pansi. Pobwerera, m'galimoto ya achemwali, ndinawaona akupinda zala chimodzichimodzi, ngati akuwerenga masiku a Lachisanu amene sanapiteko. Anafika pa zisanu ndi chimodzi n'kusiya.

Ndinapirira masabata atatu. Loweruka lina m'mawa ndinavundukula nsalu ija n'kuyamba kumasula chivindikiro cha lamba. Ababa anasiya kusoka n'kuima pakhomo la kachipinda kawo, tepi ili m'khosi. Nditatulutsa kawasha ndinawaikira m'dzanja, ndipo ndinawauza zonse: za minibasi imene ndinakwera tsiku lija, za marola, za chingwe, ndi za bodza la injini yotopa.

Anakatembenuza kawashako kangapo. "Mchemwali wako akudziwa?"

"Ndinachita ndine, ababa."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ankadziwa kuti ndachitapo kanthu. Sankadziwa kuti n'chiyani."

Ndinkafuna akalipe, koma anayankhula motsitsa.

"Ukanabwera n'kunena kuti ababa mukuthamanga kwambiri, ndikanakukalipira. Mwinanso mawa lake ndikanakumvera. Koma iwe unandisiya ndikuganiza kuti mutu wanga wayamba kutha. Usiku ndinkadziyesa ndekha, kutchula mayina a adzukulu anga kuti ndione ngati ndikuwakumbukira."

Ndinagwada pomwepo, manja ali girisi yekhayekha, n'kupepesa. Anati andikhululukira, ndipo ndikudziwa kuti sananame, chifukwa ababa mawu amenewo sawatchula mwachisawawa. Tsiku lomwelo ndinaika marola oyenera n'kumanga bwino chingwe. Nditaiyesa mumsewu wathu, sikuta inanyamuka ngati yatsopano. Ndinawapatsa kiyi. Anailandira, n'kuikoleka pa msomali.

"Ndipite kwa yani?" anafunsa, n'kubwerera pa makina awo.

Mpaka lero timadyera limodzi Lachisanu madzulo, ndipo ababa amawanyamula ana anga ndi kuwasekerera monga kale. Koma mwezi wathawu mota ya makina awo osokera inayamba kununkha chopserera. Makina amenewo ndakhala ndikuwakonzera ine kuyambira ndili pasukulu. Nditafika kunyumba ndinapeza atawakulunga m'chitenje, takisi ikudikira panja, akupita nawo kwa munthu wina ku Kamwala. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono. Ndinanyamula makinawo n'kukawaika bwinobwino kumbuyo kwa galimoto. Ababa anandithokoza, n'kuuza dalaivala kuti adutse njira ya kumsika chifukwa ndi yachidule.