Kope langa la fizikisi linatuluka ndi dzina la mwini wina

Kwii, kwii, kwii. Umu ndi mmene kankalirira kagudumu kachingwe kamene tinkakwezera zidebe za simenti pomanga maofesi a ku City Centre, nthawi ija boma linkasamuka kuchoka ku Zomba. Mpaka lero ndikamva chitsulo chikulira chomwecho ndimakumbukira kupusa kwanga. Inu owerenga, ine ndinapereka thukuta langa la zaka zitatu kwa munthu wamkulu ndisanalembepo ngakhale dzina langa.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndiye anandilera ndi agogo anga, a Nachisale, ku Old Town. Ankakonda kundiuza kuti munthu sadzitama yekha, ndiponso kuti wamkulu ukam'bwereka chinthu sum'kumbutsa. Pa mayeso a Folomu 4 fizikisi ndinakhoza bwino kwambiri, koma maphunziro ena ananditsitsa, moti ndinangokalowa ntchito yothandiza amisiri omanga.

Sindinali munthu wolankhulalankhula, ndinkangopenya. Ndikaona wilibala, makwerero kapena kagudumu kaja, ndinkapangapo funso la fizikisi n'kulilemba m'kope lalikulu lachikuto chakuda, pamodzi ndi njira yonse yopezera yankho. M'mafunso ambiri ndinkaikamo agogo. Lina linkati: a Nachisale akukoka chidebe cha madzi cholemera makilogalamu khumi pachitsime chakuya mamita asanu, agwira ntchito yochuluka bwanji? Ana a sekondale a m'dera lathu ankabwera Lamlungu masana kudzakonzekera mayeso ndi kopelo, ndipo ankaseka kuti agogo amenewa satopa.

Mbiri inafika kwa a Mbewe, bwana wina wa m'boma amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Zomba n'kupatsidwa nyumba ku Area 12. Anamva kwa munthu wawo wosamalira maluwa, yemwe tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Mwana wa a Mbewe, Esnati, fizikisi inkamukanika. Loweruka lililonse masana ndinkapalasa njinga kukam'phunzitsa pakhonde lakuseri.

Tsiku lina a Mbewe anatenga kope lija n'kuyamba kulivundukula mofatsa. Anati, “Achimwene, inutu ndinu mphunzitsi kale. Mukudzipheranji ndi simenti?” Anandiuza kuti sukulu ina imene inkatsegulidwa mumzindamo inkafuna mphunzitsi wothandizira wa sayansi, ndipo mphunzitsi wamkulu wake anali mnzawo. Anati ndiwabwereke kopelo akam'sonyeze.

Ndinapereka ndi manja awiri. Agogo atamva anatulutsa jekete ya malemu bambo anga m'bokosi, anaichapa n'kuisita kuti ndidzavale tsiku londiitana.

Mwezi unatha, wina n'kutha. Esnati ndinkam'phunzitsa zapamtima. Ndikafuna kufunsa za kope, ndinkakumbukira malangizo a agogo aja n'kuleka. A Mbewe akandiona ankangokweza dzanja n'kunena kuti, “Zili m'njira.”

Kenaka mtsikana wina wa kwathu, wophunzira pasukulu yatsopano ija, anabwera ndi kabuku kosindikizidwa pa makina a ku ofesi kuti ndim'thandize funso limene linamuvuta. Nditangowerenga mzere woyamba ndinauzindikira. A Nachisale akukoka chidebe. Ndinavundukula masamba onse, ndipo panalibe chimene anasintha, ngakhale chithunzi cha wilibala chimene ndinajambula mokhota. Pachikuto panali dzina la mlamu wa a Mbewe, munthu amene ndinkam'peza akuwerenga nyuzipepala pakhonde lakumaso. Mtsikanayo anandiuza monyadira kuti amenewo ndiwo aphunzitsi awo atsopano a sayansi, ndipo analembedwa ntchito chifukwa cha kabuku komweko.

Funsolo ndinam'thandiza mpaka analimvetsa. Dzina la agogo linali paliponse m'kabukumo, langa panalibe. Ndikanakadandaula kwa yani? Umboni wanga unali kope, kopelo linali kwa a Mbewe, ndiponso linalibe dzina. Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti madzulo ake agogo atandifunsa kuti kusukulu kuja andiitana liti, ndinawayankha kuti zili m'njira. Jekete ija inakhala pamsomali mpaka inachita fumbi.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi luso koma mulibe wokuyankhulirani, kuthandiza ana a eni n'kwabwino ndipo musasiye. Koma chimene mwalemba nokha lembanipo dzina lanu, kumeneko sikudzitama ayi. Wina akati akakuonetsereni ntchito yanu kwa akuluakulu, pemphani mupite naye limodzi. Agogo anandiphunzitsa ulemu, ine n'kuusandutsa mantha. Wamkulu angathe kukumbutsidwa mwaulemu, ndipo akakwiya ndi kukumbutsidwako, dziwani kuti chinthu chanu chili pangozi.

Ku Area 12 ndinapitabe mpaka Esnati analemba mayeso, chifukwa mwanayo sanandilakwire kanthu, kenaka ndinasiya. Zotsatira zitatuluka, tsiku lina ndikuweruka, simenti ili mbuu thupi lonse, galimoto inaima pambali panga. Anali a Mbewe. Anatsitsa galasi pang'ono n'kutulutsa kope lija, chikuto chake chitathimbirira ndi tiyi.

“Esnati wakhoza, aphunzitsi. Kope lanu ili, latithandiza kwambiri.”

Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo galimoto inanyamuka.